Njira Ziwiri za ku Mitundu

Ana inu, mwandivutitsa sabata yonse kuti ndikuuzeni njira yabwino yopalasira njinga Loweruka likubwerali, poti mwamva kuti anzake a Tadala akupita ku Bunda ndipo nanunso mukufuna kulowa m'gulumo. Mphatso akuti akufuna njira ya zitunda kuti akatumba akhwime. Dalitso akufuna yokhala ndi malo ojambulirapo zithunzi. Tadala, mkulu wanu, sanafunse kanthu. Iye akudziwa chimene chakhala chikundimanga pakamwa.

Yankho ndi lalifupi: dzerani kutala. Chachitali ndi chifukwa chake. Khalani pansi, ndipo mafoniwo ayambe agona chafufumimba patebulopo.

Njira zopita kwathu, kuseri kwa Mitundu, zilipo ziwiri. Yoyamba ndi ya tala. Mukachoka kuno ku Area 15 mumatsetsereka mpaka ku Old Town, kuwoloka mlatho wa Lilongwe, n'kulimbana ndi maminibasi, mawilibala ndi ogulitsa kaunjika ku Area 1. Pamenepo musathamange, munthu wa ku Area 1 sayang'ana kumbuyo. Mukapulumuka apo mumatsata msewu wa ku Blantyre mpaka pamphambano pokhotera ku Bunda. Mukangokhota, phokoso limatsala. Dziko limayamba kuwerama ndi kuweramuka: kachitunda, dambo, kachitunda kena, dambo lina, madimba a mpiru ndi matimati m'munsi, zigafa za fodya pamtunda. Phiri la Bunda limaonekera kutsogolo, lili lokhalokha pakati pa minda ngati chulu, likubisala mukatsika, likutulukanso mukakwera. Kukakhala kopanda fumbi, chakumanzere mumaona Ngala ndi Nkhoma, chakumanja mzere wotuwa wa Dzalanyama. Dalitso, zithunzi zako ndi zimenezo. Uzijambula utaima, osati uli pachishalo.

Yachiwiri ilibe dzina, ndipo m'mafoni mwanumo mulibe. Imapatuka musanatuluke m'tauni, n'kulowa m'fumbi, n'kumadula madambo ndi midzi mpaka kukatulukira kuseri kwa nyumba zakwathu. Imeneyo inali yathu, ife onyamula katundu. Ndinaiyenda komaliza chilimwe chathachi, ndikuthamangira kukaona mlamu wanga Yotamu akadali moyo.

Yotamu inu mumangomudziwa ngati agogo opindika msana aja ankakutumizirani mtedza. Ine ndinamudziwa ali wowongoka ngati bulugama. Anabwera m'mudzi mwathu kudzakwatira mlongo wanga Nambewe, ali ndi njinga yakuda ndi pakamwa posatopa. Tsiku loyamba lomwe anayang'ana njinga yanga n'kunena kuti, "Alamu, imeneyi mumaikwera kapena mumaiperekeza?" Kuyambira pamenepo tinayenda limodzi.

Njinga zathu sizinali ngati tinjinga tanuti, timene munthu amatinyamula ndi zala. Zinali zachitsulo chenicheni, zopanda magiya, kaliyala yowotcherera mobwereza, masipoko okhuthala. Pakaliyalapo tinkamanga chimango cha mitengo, n'kusanja nkhuni mpaka kupitirira mutu, n'kukunga ndi malegeni. Nyengo yokumba mbatata tinkanyamula mbatata, yokolola tinkanyamula chimanga, zonse kupita kumsika wa ku Old Town. Mabuleki ankagwira tsiku limene afuna. Potsetsereka tinkaponda tayala lakutsogolo ndi nkhwayira, nsapato zija zosema ku matayala a galimoto, mpaka phazi kutentha, fungo la mphira kudzaza m'mphuno. Kamba wa panjira anali chinangwa chootcha kapena chimanga chokazinga m'thumba la malaya, ndi thobwa m'botolo. Osati timaswiti tamphamvu timene Tadala amayamwa ngati khanda.

Nyengo iliyonse inali ndi chilango chake. M'dzinja matope ankamata pakati pa tayala ndi madigadi, njinga n'kuuma ngati bulu wokana ulendo, ndipo unkachita kuikotakota ndi kamtengo. Nyengo yozizira zala zinkafa pamahandulo, belu osatha kuliza. M'chilimwe fumbi linkalowa mpaka m'mano. Chokoma chinali pobwerera, katundu atagulidwa, njinga zili zopepuka. Tinkapikisana potsetsereka ngati ana, Yotamu atatambasula miyendo, akuimba nyimbo za kwawo ndi mawu oipa kwambiri, Bunda ali patsogolo pathu. Phiri limenelo ndalidutsa moyo wanga wonse koma pamwamba pake sindinafikepo. Yotamu ankati tidzakwera tikadzalemera. Inu mukwera Loweruka, musanagwirepo n'khasu lomwe.

Kutala tinkakupewa. Oyendetsa malole sankaona munthu, ankangoona mulu wa nkhuni, ndipo mphepo ya lole yokha inkatha kukugwetsera m'ngalande. Koma njira yafumbi inali ndi lamulo lake: suyenda wekha. Katundu amene tinkanyamula munthu mmodzi sakanatha kukwera naye chitunda. Ndiye mukafika patsinde, mmodzi ankatsamiritsa njinga yake pamtengo wa mphanda umene aliyense ankayenda nawo, nonse awiri n'kukankha inayo, wina kumahandulo wina kumbuyo, mpaka pamwamba. Mukaitsamiritsa pamenepo, nonse munkatsikanso kukatenga yotsala ija. Pamwamba sipankapumidwa katundu wa mnzako ali pansi. Munthu akangochita zimenezo, mbiri inkamutsogolera kumsika, mawa lake n'kusowa woyenda naye.

Chitunda chachikulu panjirayo tinkachitchula kuti Wefuwefu. Chili ndi msana wakuthwa, moti kaya mukuchokera kumudzi kaya kutauni, mukwera basi. Pamenepo ndi pamene pakamwa pa Yotamu pankagwira ntchito kuposa miyendo.

"Alamu, mukukankha kapena mwatsamira?"

"Ndikukankha."

"Nanga mkonono ndikumvawu ndi wa yani?"

"Ndi njinga yanuyi ikulira. Yatopa ndi mwini wake."

"Mlongo wanu anandinamiza kuti kwawo amuna ndi amphamvu. Ndikanadziwa ndikanakwatira mudzi wina."

"Mudzi wina akanakulandirani ndi makutu amenewo?"

Tinkafika pamwamba tikuseka, mpweya utatha, n'kutembenuka kukatenga inayo.

Sukulu ine ndinaiyamba ndili ndi ndevu, amayi anu akukwawa kale. Musaseke, Mphatso, pensulo inandivuta kuposa nkhwangwa. Kunali kutchalitchi china pafupi ndi msika kumene masana ankaphunzitsa akuluakulu, ndiye tikagulitsa nkhuni ine ndinkalowa. Yotamu ankandidikira panja pamthunzi, akulondera njinga zonse ziwiri, n'kumauza odutsa kuti mlamu wake akuphunzira udokotala. Sanadandaulepo kuti tikuchedwa. Iye mwini anakana kulowa. Ankati m'banja mukakhala ophunzira awiri nkhuni zisowa wonyamula.

Nditadziwa kuwerenga mayina ndi manambala a nyumba, mmwenye wina wa sitolo ku Area 2 anandilemba ntchito yoperekera katundu kwa makasitomala ake. Anandipatsa njinga ya dengu kutsogolo. Ndinayamba kudziwa misewu ina: ya ku Area 10 ndi Area 43, yosalala, yamithunzi, maluwa a jakaranda akugwera pamapewa, agalu akuuwa kuseri kwa mageti, ya ku Capital Hill, kumene ndinkatsika njinga ndili patali kuopa kuwaza fumbi nsapato za mabwana. Ndinasamutsa banja kubwera m'tauni. Ndi mmene amayi anu anaphunzirira, ndi mmene inu mukugonera m'nyumba ya magetsi.

Yotamu anatsala wopanda womukankhira. Anzathu onse anali awiriawiri kale. Poyamba anachepetsa katundu. Ana atachuluka anabwerera ku katundu wathunthu, yekha, akumasula nkhuni patsinde pa Wefuwefu n'kumazisenza pamutu pang'onopang'ono, kenako n'kutsikira njinga. Msana uja unapindikira pamenepo, chifuwa nachonso chinayambira pamenepo. Za zimenezi sitinakhalirane pansi ngakhale tsiku limodzi. Iye anangondipatsa dzina. Ndikapita kumudzi pa basi, ankafuula ndili patali: "Yalani mphasa yatsopano, abwana a patala afika! Fumbi lisawakhudze!" Anthu ankaseka, nanenso ndinkaseka, koma chakudya cha tsiku limenelo sichinkatsika bwino.

Chilimwe chathachi mukukumbukira mmene mafuta anasowera. Galimoto ya amayi anu inali pamzere kumalo omwetsera mafuta, iwo akupita ku Capital Hill wapansi, nsapato zosinthira zili m'chikwama. Maminibasi a ku Mitundu ankaoneka mwa apo ndi apo, ndipo akaoneka ankakwera ndi a zigongono zolimba okha. M'masiku amenewo ndi mmene foni yanga inalira. Anali Nambewe, akuimba pafoni ya Fanuwelo, mwana wa mlongo wathu wamng'ono, amene amachita kabaza wa njinga yamoto kumudziko.

"Achimwene, alamu anu sakudzukanso. Chifuwa chija chakula. Phala akungolilawa."

"Akulankhula?"

"Pakamwa pokha ndi pamene patsala moyo. Imvani nokha."

Ndinamva kutsokomola kwa nthawi yaitali, kenako mawu aang'ono ngati ochokera mumtsuko. "Abwana a patala, musavutike. Kuno kuli fumbi."

"Alamu, mawa ndikufika."

"Pa chiyani? Ndamva kuti magalimoto anu ayamba kumwa madzi."

"Ngakhale pa njinga."

Anaseka mpaka chifuwa chinamulanda foni.

Nditawauza amayi anu, anaika chikwama pansi n'kundiyang'ana ngati ndine mwana wawo wachisamba.

"Adadi, musayerekeze n'komwe. Ndi mawondo amenewo? Dikirani, mafuta akangopezeka tipitira limodzi."

"Chifuwa sichidikira mzere wa mafuta."

"Ndati ayi, adadi. Mukakomoka panjira anthu ndikawauza chiyani?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Phunzirani lero: nkhalamba ikavomera msanga ndiye kuti yakana.

Kutangoyamba kuyera ndinatulutsa njinga yanga yakale kuseri kwa nyumba, kumene inu mumaiyanikapo zokolopera. Ndinathira mafuta ophikira patcheni, n'kumanga bulangete latsopano pakaliyala, lokamufunditsa wodwala. Ndikupopa tayala ndinamva gwa gwa gwa pasimenti. Anali Tadala, atavala kale kabudula wake wothina uja, chipewa chonga chigoba cha kamba, ndi nsapato za zitsulo kunsi zimene zimakola kumapedulo.

"Agogo, mukupita kuti?"

"Kukagula mpiru."

"Ndi bulangete?"

"Kumsika kukuzizira."

"Ndipita nanu. Mukakana ndikawadzutsa amami pompano."

"Ndiye zimitsa foni. Amako akadzuka atibweza tisanawoloke mlatho."

Ndinazimitsa yanga, iyenso anazimitsa yake. Mawu amenewo anali anga, ana inu. Wina asadzamunene Tadala.

Ku Old Town tinadutsa masitolo asanatsegule, alonda akupinda makatoni awo, amayi akutsitsa madengu a matimati. Miyendo inandidabwitsa, inakumbuka yokha. Titafika popatukira njira yathu yakale, ndinaima n'kuloza kufumbi.

"Agogo, ayi. Tidzere kutala. Ndi kosalala, ndimakudziwa, ndipo mukatopa tipeza wotithandiza. Matayala angawa si a m'minga."

"Kutala n'kozungulira."

"Kuzungulira kwake kuti? Ife timakafika ku Bunda n'kubwerako dzuwa lisanafike pamutu."

"Inu mumapita kukaona phiri. Ine ndikupita kwathu."

Mwanayu ananena zoona, ndipo ndinkadziwa kuti akunena zoona. Koma ine ndinali ndi changa mumtima. Ndinkafuna ndikatulukire kuseri kwa nyumba ya Yotamu, kumene njira yakale imathera, fumbi la katondo lili mbuu m'miyendo ndi m'nsidze, ndikamuuze kuti, "Alamu, ndadzera pa Wefuwefu." Ndinkafuna aone ndi maso ake. Zaka zonsezi ndinamupatsa shuga, malaya, mankhwala, ndipo zonse ankalandira ngati zochokera kwa mlendo. Fumbi limenelo ndilo ndinkaganiza kuti alandira ngati lochokera kwa ine.

Njira ija sindinaipeze mmene ndinaisiyira. Pamene panali minda pali mipanda ya njerwa, mipanda yotchinga udzu wokhawokha, eni ake ali m'maofesi kudikira kuti tauni iwapeze. Kangapo tinatsata kanjira n'kukathera pakhoma, n'kubwerera. Ndinafunsa mayi wina wotunga madzi za mtengo wa kachere umene tinkapumirapo. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Kachere? Kapena mukunena pa uvuni paja, agogo." Anawotchera njerwa. Dambo limene tinkawoloka titapinda mathalauza linali louma, long'ambika ngati chidendene, lodzaza maenje a okumba dothi. Akakowa, mbalame zoyera zija zotsata ng'ombe, sindinaone ndi mmodzi yemwe. Ndipo onyamula makala amene tinakumana nawo, aliyense ankakankha yake, maso ali pansi, moni osayankha.

Tayala la Tadala linalasidwa ndi minga monga ananenera. Ndinatulutsa kachikwama kanga ka zigamba ndi guluu, ndikuti lero ndimuphunzitse mwana ntchito. Ndisanapeze n'komwe pobowoka, iye anali atasolola chubu china m'thumba lakumsana, waika, wapopa.

"Agogo, guluu wanuyo anauma ine ndisanabadwe."

Ndinafinya, ndipo zoonadi munatuluka mphepo yokha. Tinaseka. Koma patsogolo linabowokanso, chubu china panalibe, ndipo tinayenda wapansi mudzi ndi mudzi kufunafuna wokonza njinga, dzuwa likukwera. Tadala sananene kuti "ndinakuuzani". Amako akanakhala iwo akananena, Tadala. Umenewo mtima unatengera kwa agogo ako aakazi.

Pa Wefuwefu tinafika dzuwa lili paliwombo. Chitunda chokhacho ndicho sichinasinthe. Tadala anagwetsa giya, n'kuimirira pamapedulo, n'kukwera ngati gologolo pamtengo. Ine ndinapalasa pang'ono, ndinatsika, ndinakankha pang'ono, kenako mawondo anati basi. Njinga yopanda katundu, ana inu, bulangete lokha! Ndinaima nditagwira mahandulo.

Pamwamba Tadala anali ataima, akuwomba m'manja. "Tiyeni agogo! Mwatsala pang'ono! Osagonja!" Ndi mmene amachitira ndi anzake. Wofika pamwamba amadikira, amamwa madzi, amachemerera otsalira, ndipo kwa iwo umenewo ndi ulemu. Ine ndinayang'ana mwana wa mwana wanga ataima pamwamba pa Wefuwefu ine ndili patsinde, ndipo ndinakhala pansi m'fumbi momwemo. Sikunali kutopa kokha. Ndinaona chimene Yotamu ankaona pamalo amenewo zaka zonse zija: chitunda chonse patsogolo, kumbuyo kopanda munthu.

Sindinamuitane. Patapita kanthawi ndinamva gwa gwa gwa pamiyala, kenako khu, kenako mawu amene sindingawabwereze pamaso pa Dalitso. Nsapato zija sanazipangire kuyendera. Anazivula, n'kuzikoleka m'khosi, n'kutsika ndi masokosi okha.

"Agogo, mwakomoka?"

"Ayi. Ndikuwerenga nyerere."

"Bwanji simunanene kuti ndibwere?"

"Pano sitinena. Munthu amabwera yekha."

Anagwira kaliyala kumbuyo, ine kumahandulo. Pakati pa chitunda ndinamufunsa kuti, "Ukukankha kapena watsamira?" Sanaseke, poti nthabwalayo sinali yake. Anangoti, "Ndikukankha, agogo."

Pamwamba mphepo inatiwomba. Bunda anali pafupi, mwala wake uli wotuwa, anthu okapemphera akuoneka ngati timadontho toyera pamsana pake. Kutali chakumanzere tala ankanyezimira, njinga zamoto zikuyenda ngati ntchentche pachingwe. Ndinamulozera Tadala mitengo ya mango ya kwathu. Ndinatchera khutu kuti ndimve ngati kukuchokera kulira. Kunali zii. Ndinati mumtima, tamupeza.

Tinatulukira kuseri kwa nyumba monga ndinafunira, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Ndinaliza belu n'kufuula kuti, "Odi kuno! Yalani mphasa yakale, wafika wa m'fumbi!" Amene anatuluka ndi Nambewe, atagwira nsonga ya chitenje pakamwa. Anandiyang'ana ine, anayang'ana njinga, anayang'ana kumene tachokera.

"Achimwene, mwadzera kuti?"

"Pa Wefuwefu. Ali kuti alamu?"

"Mayo ine. Simunakumane nawo?"

Anatiuza tili chiimire. M'mawa umenewo mpweya unayamba kumuthawa Yotamu. Kuchipatala chapafupi anati ameneyu ngwa kuchipatala chachikulu cha m'tauni. Fanuwelo anali ndi mafuta pang'ono amene anasunga m'botolo, ndiye anamukweza pa njinga yake yamoto, pakati, mwana wa Yotamu wamwamuna atamukumbatira kumbuyo, n'kunyamuka kudzera kutala. Asananyamuke anatiimbira mobwerezabwereza kuti tibwerere, tikakumane kuchipatala. Mafoni athu anali ozimitsa.

Tadala anayatsa yake n'kuimbira amayi anu. Fanuwelo anali atawaimbira, ndiye iwo anali kale kuchipatalako, atayenda wapansi kuchokera kuno. Ndi pafupi, inu mukudziwa. Sanandikalipire, ngakhale ndikanakonda akanatero. Anangoti, "Adadi, ndawaikira foni pakhutu. Lankhulani."

Ndinalankhula. "Alamu, ndine. Ndili pakhomo panu. Ndadzera njira yathu."

Ndinkangomva mpweya ukukoka ngati sowo pamtengo wauwisi. Ndinabwereza mokweza, mpaka nkhuku za pabwalo zinathawa. Amayi anu anatenganso foni n'kunena motsitsa mawu kuti chimugonekereni pabedi sanayankhe munthu, ndipo anamwino akuti sakumvanso.

Ndinafuna kubwerera nthawi yomweyo. Ndinagwira njinga, koma mwendo unakana kudutsa chishalo. Tadala anali akuvala kale nsapato zake.

"Agogo, ndithamange ine kutala. Ndikawauza ndi pakamwa, ndikawagwira dzanja. Mwina akamva."

Ndisanayankhe foni inaliranso. Nambewe sanadikire kuuzidwa. Anangoona mmene Tadala anatsitsira dzanja, n'kukhala pansi pakhomo pomwepo, n'kuyamba kulira. Amayi a nyumba zoyandikana anatuluka akumanga zitenje.

Fanuwelo anabwerera chakumadzulo, amuna atayamba kale kusonkhana pabwalo, ena akudula nthambi zoika pamsewu kuti odutsa adziwe kuti pali maliro. Anazimitsa njinga yake ali patali n'kubwera akuikankha. Anandipatsa moni ndi manja awiri, anakhala pansi pafupi nane, n'kuyang'ana miyendo yanga.

"Malume, ndiye munabweradi."

"Ndinabwera."

"Tinakuyang'anani njira yonse."

"Ndi yani?"

"Ndi iwo. Tisananyamuke anandigwira malaya n'kuti, 'Fanuwelo, usathamange. Alamu anga ali panjira, akubwera pa njinga. Tikumana nawo.' Ine ndinati, nanga akadzera yachidule ija mumaikambakamba? Anati, 'Iwe, amene aja ndi a patala. Yakale ija anaiiwala.' Ndiye tinayenda pang'onopang'ono, malume, ine mtima uli m'mwamba pomva mmene akupumira. Njinga iliyonse yochokera kutauni ankandigogoda pamsana kuti ndichepetse. Amakala obwerera, akabaza, ngakhale mzungu wina wa chipewa ngati cha achemwaliwa, onse tinawayang'ana kumaso. Pamphambano anati tiime kaye, mwina tcheni chakuvutani. Tinaima. Mwana wawo akuchita kulira kuti tiyeni bambo, tiyeni."

Ndinamufunsa ngati ananenanso kanthu. Fanuwelo anayang'ana pansi, akukanda dothi ndi kiyi wa njinga. Ndinati nena.

"Titafika pamlatho ku Old Town anasiya kuyang'ana. Anatsamira pamsana panga n'kuti, 'Basi, thamanga. Sabwera amenewo.' Sanalankhulenso."

Sindinafunsepo adokotala ngati kuchedwa kwa panjirako kunachotsapo kanthu pa moyo wake, ndipo sindidzafunsa. Pamaliro anthu anandipepesa. Anati mwini moyo ndi Mulungu, anati chachikulu n'chakuti munayesetsa, anati pamsinkhu wanu ndani akanapalasa ulendo umenewo. Zonsezo ndinavomera. Koma munthu mmodzi yekha amene ndinkafuna kuti adziwe anapita akudziwa zina.

Tadala, iwe unalipo. Unaona pamene ndinakhala pansi, unaonanso pamene ndinadzuka. Auze abale akowa. Ndipo ine ndikadzatsikira kuli chete, uzidzauza aliyense wotchula dzina la Yotamu, kaya wafunsa kaya sanafunse, kuti ndinabwera.